Mwala Pamalo pa Buleki

Tsiku limene ndinkachoka, mng'ono wanga analonjeza abambo kuti mwala wonolera mipeni sudzatsika pa njinga iye ali moyo. Tinali atatu pakhonde: abambo atakhala pa ndowa yozondotsa, ine nditanyamula sutikesi yomanga ndi lamba, iye atagwira chishalo ndi manja awiri ngati njingayo ingathawe isanamve mawu ake. Kwa ine abambo sanapemphe lonjezo lililonse. Anangoti ndilimbitse lamba wa sutikesi, kenako anafunsa ngati ndamva zimene wanena mng'ono wangayo.

"Ndamva," ndinatero.

"Chabwino. Iwe ndiwe mboni. Kumene ukupitako mwina ukapeza ntchito zina, koma iyi yokha usaitaye."

Njingayo ndiyenera kuifotokoza, chifukwa anthu amaganiza kuti njinga iliyonse imaima wokwera akafuna. Inali yakuda, yolemera ngati geti la fakitale. Kalekale, ife tisanayambe sukulu, filiwilo yake inafa. Ndiko kachitsulo ka mano kakumbuyo kaja kamene kamalola munthu kupumitsa miyendo njinga ikuyendabe. Abambo sanagule ina. Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo, amene anaimata ku gudumu n'kukhala chinthu chimodzi. Kuyambira pamenepo gudumu likazungulira mapedulo ankazungulira, mapedulo akaima gudumu linkaima. Pa njinga yotere palibe tchuthi. Potsetsereka miyendo imathamanga ufune usafune, ndipo kuima ndi ndewu: umakaniza mapedulo ndi mawondo mpaka gudumu litagonja.

Mabuleki anathamangitsidwa ndi mwala. Chitsulo chogwira mwalawo abambo anachiwotcherera kutsogolo, pansi pa mahandulo, ndendende pa bowo pamene amamangapo buleki. Kumbuyo anaikako mkombero wa lamba woyendetsa mwala, ndipo buleki ya kumeneko nayo inasowa pokhala. Akafika pa kasitomala ankaimika njinga pa sitandi, gudumu lakumbuyo lili m'malere, n'kukoleka lamba, n'kukwera pa chishalo, n'kuyamba ulendo wosapita kulikonse. Mwala unkalira, moto unkathetheka, anthu ankasonkhana. Pomaliza sizasi ankapalasa chobwerera kuti mwala uzungulire cham'mbuyo, chinthu chimene njinga ya filiwilo singachite, ndipo pamenepo ankadzutsa mutu kuti aone ngati anthu aona. Wina akafunsa za mabuleki, ankadzimenya pantchafu.

"Nanga awa ndi a ndani?"

Kumene ndinakhala zaka zonsezo ndinadzazionanso njinga za mtunduwu, zopaka utoto wa maswiti, zopepuka moti munthu angainyamule ndi chala. Ankakwera anyamata a ndevu zodzola mafuta. Ankakhala m'malo omwera khofi n'kumakangana ngati munthu woika buleki pa njinga yotere akuyenerabe kupatsidwa moni. Mmodzi, amene tinkagwira naye ntchito yolongedza mabuku m'makatoni, anandifotokozera kuti wokwera ndi njinga amasanduka thupi limodzi. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, kwathu zimenezo zimachitika filiwilo ikafa. Anayesa ndi mwambi, naulemba m'foni.

Ndinabwerera tsitsi litayera, abambo atagona kale m'manda amene ndinawaona pa chithunzi chokha. Mabuku onena za anthu obwerera kwawo ndawerenga ambiri, ena ndisanawatsekere m'katoni, ndipo onse amalonjeza kuti pamakhala china chokuzindikira: mtengo, fungo, nkhalamba ya pamsika. Ine anandizindikira wa takisi yekha, kuti ndine mlendo. Holo imene tinkaoneramo mafilimu ikugulitsa matailosi. Laibulale imene inandiphunzitsa kunyoza kwathu anaigawa tizipinda, ndipo kachipinda kalikonse kakukonza mafoni. Mtengo wa pamphambano anaudula kuti aike chikwangwani cholimbikitsa anthu kudzala mitengo.

Mng'ono wanga ndinamusiya alibe ndevu, ndinamupeza alibe tsitsi. M'tawuni amamutcha a Chinola, dzina limene linali la abambo. Analilandira limodzi ndi njinga. Anandilandira sutikesi pa geti, naiyesa kulemera.

"Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera."

"Basi inachedwa."

Njinga ndinaipeza pakhonde, itatsamira khoma lomwelo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene ndinathera popereka moni kwa eni nyumba. Kunena zoona, zambiri pa iyo zinali zitasinthidwa: matayala, chishalo, mapedulo, ngakhale mwala weniweniwo, pakuti miyala imatha ngati sopo, ndipo uliwonse watsopano mng'ono wanga ankangoutcha mwala wa abambo. Zimene zinatsala monga ndinazisiyira ndi chitsulo chowotcherera chija ndi kusowa kwa mabuleki. Chinthu chimene palibe sichiperepeseka.

Alamu anga, akazi a mng'ono wangayo, ndinali ndisanawaonepo. Anakwatirana ine kulibe. Anandipatsa masiku ochepa oti ndipume, kenako madzulo ena, amuna awo akusamba, anandiitanira kukhitchini. Anatsegula kabati n'kuyala mipeni pa tebulo. Yonse inali yowonda ngati masamba a udzu. Wina unali utangotsala chigwiriro ndi kamzere ka chitsulo.

"Alamu, mukuiona mipeni yanga?"

"Ndi yakuthwa."

"Yakuthwa zedi. Munthu akasowa makasitomala amanola ya mkazi wake. Uwu unali wodulira nyama. Pano ndimachotsera minga kuphazi."

Ndinati mwina anthu masiku ano mpeni ukabuntha amangotaya n'kugula wina, monga amachitira ndi zonse.

"Mipeni yobuntha ilipo, yadzaza tawuni. Amene kulibe ndi mawondo. Mwawaona mawondo a ang'ono anu?"

"Amavala thalauzi."

"Muwamvere m'mawa akamadzuka. Mudzayesa wina akutsegula geti. Adokotala anati kupalasa n'kwabwino, apalase mpaka kalekale, koma zoimitsa chitsulo chimenechija ndi bondo asiye. Ndinapita ndekha kwa wokonza njinga. Akuti buleki ya kutsogolo ikhoza kulowa, koma bowo lake lili pansi pa mwala. Ndiye mwala utsike. Ine ndili ndi makina osokera akale, mutu wake unafa koma chopondera n'chabwinobwino. Mwalawo ukhoza kukhala pamenepo, pakhonde, iwo n'kumakatenga mipeni kwa eni ake n'kukabweza, ngati munthu. Ndikawauza amati analonjeza. Ndimati amene munawalonjezawo anatsogola, agone mumtendere. Amati mboni ilipo." Anandiyang'ana. "Mboniyo ndaidikira kuyambira ndili ndi chiuno. Ndiye ndi inu."

"Ndi ine."

"Ndinu akulu. Abambo kulibe, abambo ndinu. Liwu limodzi lokha: wamasuka. Malovu sangakuthereni."

Kubafa madzi anasiya kukhuthuka. Ndinati nkhaniyo ndiiona.

"Kuona n'kwabwino," anatero alamu akusonkhanitsa mipeni yawo. "Mawa mupite nawo. Mutenge njinga yanga, ili ndi mabuleki awiri. Mukawapanikiza amalira ngati nkhumba, koma imaima."

Tinanyamuka m'mawa, iye patsogolo, ine pambuyo, dengu la alamu likugwedera pa mahandulo. Titangotuluka pa geti anakuwa, "Mipeeeni! Sizaaasi! Nkhwaaangwa!" ndipo ndinatsala pang'ono kugwera mu ngalande, chifukwa anali mawu a abambo, ndi kakusasa komweko pa nkhwangwa. Ndinaganiza mumtima kuti alamu ndi mkazi wabwino, koma tsiku la lonjezo lija iwo sanalipo pakhonde.

Njira yake ndiyo inandisokoneza. Tawuni yathu inamangidwa pamtunda, ndipo abambo ankadula molunjika: kutsika ndi msewu waukulu mpaka kumunsi, kumene kuli mabutchala ndi malesitilanti, n'kukwera chakumadzulo. Mng'ono wanga ankazungulira. Ankalowa tinjira ta kuseri, kutsikira kumbuyo kwa sukulu kumene kulibe khomo la munthu, kuti khomo lililonse la kasitomala alifike chokwera. Sankaimitsa njinga. Ankangoleka kulimbana ndi mtunda, mtunda n'kumuimitsira. Makomo a potsetsereka ankawadutsa akuyang'ana kutsogolo ngati msilikali, ndipo pamenepo sankakuwa.

Anaima kwa mayi wogulitsa zipatso, pamene msewu umakwera. Anaima kwa wometa, pamene msewu umakweranso. Wometayo anandiuza kuti kale shopu yake inali kumunsi ndipo a Chinola sankamuona n'komwe, koma tsiku limene anasamukira kumtunda anasanduka m'bale.

"Kaya ndi mphepo ya kuno," anatero. "Inu bambo, tikumeteni? Kumene munali anakusiyani theka."

Kwa telala, pamwamba penipeni, anaimika njinga pa sitandi n'kukoleka lamba. Telalayo, nkhalamba ya tepi m'khosi, anatulutsa sizasi zake n'kundiyeza ndi maso kuyambira kolala mpaka nsapato.

"A Chinola, awa ndi aja a kunja? Alipodi? Ife timayesa mumangotiopseza nawo."

"Alipo. Agwireni muone."

"Jekete labwino, koma linasokedwera munthu wina." Anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Wabutchala wa kumunsi anali pano dzana, kudzakulitsa thalauzi. Akuti mwana wa malemu munayamba kunyada. Akuti kaya anakulakwirani chiyani."

"Kumunsi kulibe ntchito," anatero mng'ono wanga, maso ali pa mwala.

"Kulibe? Munthu akudula nyama ngati akutema nkhuni!"

Mwala unalira. Pomaliza sizasi anapalasa chobwerera, koma sanadzutse mutu. Ndinayang'ana ine m'malo mwake. Panalibe amene anaona.

"Abambo ankayambira kwa wabutchala," ndinatero. Ndinangonena ngati mbiri.

Anamasula lamba, kupinda, kukoleka pa handulo. Anandiyang'ana kanthawi.

"Tiyeni, achimwene. Tsogolani inu, muli ndi mabuleki. Mukandidikire pakhomo pake."

Msewu waukulu umatsika kuchokera pa positi ofesi yakale mpaka pa mlatho, osapuma. Butchala ili chapakati, pamene kutsetsereka kwafika pokoma. Ndinaima ndi kulira konse kwa mabuleki a alamu, moti wabutchala anatuluka kudzaona ngati kwabwera katundu. Anali mwana wa wabutchala amene ndinkamudziwa ine, wonenepa kuposa bambo ake, epuloni ngati yomwe ija. Nditamuuza kuti ndine yani anandipatsa mkono m'malo mwa dzanja, chifukwa manja anali ndi magazi.

"Ndiye mundiuze, bambo, ang'ono anu ndinawatani? Abambo anga ndi abambo anu ankamwera kapu imodzi. Koma ang'ono anuwo amachokera kumtunda uko, ine ndimatuluka ndi mipeni, ndimaikweza m'mwamba chonchi, iwo amakweza dzanja, 'Ndikubwera!' Fyuu. Chaka chatha, ndikubwera. Chaka chino, ndikubwera. Taonani sitepe yanga."

Sitepe ya simenti ya pakhomo inali itakumbika pakati chifukwa chonolerapo mipeni.

"Lero aima," ndinatero.

Anaonekera pamwamba, kadontho kakuda. Poyamba ankabwera bwino, msana uli chilili, akukaniza pedulo lililonse likamakwera, njinga ikunjenjemera ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Ndinkaona abambo. Pofika pa sitolo ya matailosi liwiro linali la munthu woyenda pansi, ndipo wabutchala anathamangira m'kati kukatenga mipeni. Kenako bondo lamanzere linakana. Sindinamve kanthu. Ndinangoona mwendo ukuleka, pedulo likuunyamula, kuutsitsa, kuunyamulanso, ndipo posakhalitsa miyendo yonse iwiri inali ya njinga. Anatidutsa mawondo akuuluka ngati a mwana, nkhope ili phee ngati ya munthu wokhala pawindo la basi. Anakweza dzanja.

"Ndikubwera!"

Wabutchala anatsala chiimire, mipeni ili m'manja onse awiri.

"Mwaona? Ulemu wokha ali nawo."

Mng'ono wanga ndinamupeza kutsidya kwa mlatho, pamene msewu umayambanso kukwera. Pali bwalo logulitsa mchenga ndi miyala yomangira. Gudumu lakutsogolo linali litalowa mu mulu wa mchenga, pa mpata umene unkaoneka kuti ndi wake. Pambali panali mpando wapulasitiki, ndipo mng'ono wanga anali atakhalapo kale, thalauzi atapinda. Wogulitsa mchenga sanadzutse n'komwe mutu pa nyuzipepala yake.

"Mpandowu ndi wa ndani?"

"Wanga. Anandiikira. Ankati ndikakhala pa mchenga ndimapita nawo kunyumba m'matumba."

Bondo linali ngati buledi wofufuma bwino. Ndinafunsa chifukwa chake satsika n'kumaikankha potsetsereka.

"Ndinayesa. Imandikoka ngati ng'ombe yaona madzi, ndipo kutsika wapansi bondo limapweteka kuposa. Komanso munthu wokankha njinga yabwinobwino anthu amayesa waba."

Anasisita bondolo. Lole inabwera, inadzaza, inapita.

"Achimwene, tsiku lija munamva?"

"Ndinamva."

"Ndinati chiyani kwenikweni? Ndinali mwana. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndinati ndili ndi mphamvu. Kuti mwala sudzatsika ine ndili ndi mphamvu."

Ankayang'ana bondo, osati ine.

"Unati uli moyo."

"Osati mphamvu?"

"Moyo. Abambo anabwereza, iwe unabwerezanso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mumakumbukira bwino."

"Kumene ndinali kunalibe chochita china."

Ndinamuuza maganizo amene anandibwerera potsika kuchokera ku butchala: ndimupezere njinga ina, yamakono, ya magiya ndi mabuleki, iyi ikhale pakhonde monga ilili, mwala uli pamalo pake. Azinolera pomwepo. Lonjezo silinanene kuti njinga iziyenda. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino. Kumene ndinali zinthu zakale amazisunga chomwecho, ndi kachingwe kofiira kuti anthu asakhudze.

"Ikhale pakhonde," anatero. "Inu muzibwera kudzaiona."

"Ndi chinthu chokhacho chimene ndachipeza pamalo pake m'tawuni muno."

"Sichikhala pamalo, achimwene, chimayenda. Ndimachiyendetsa ndine, m'mawa uliwonse." Sananene mokwiya, ankachotsa mchenga ku pedulo ndi kamtengo. "Njinga za magiya ndinakwerapo. Ukasiya kupalasa imangopita yokha, ngati sikukudziwa. Ine zimenezo ayi."

Pamenepo wabutchala anatulukira wapansi, ali wefuwefu, mipeni atakulunga mu epuloni. Anayang'ana mpando, anayang'ana bondo, anayang'ana mpata wa mu mchenga.

"Ndiye kuno ndi kumene mumabwera?"

"Kuno."

"A Chinola, inu! Osanena bwanji? Ine usiku ndimasowa tulo. Akazi anga anafika pondifunsa ngati ndinakugulitsani nyama ya galu."

"Ndinkanena. Ndinkati ndikubwera."

Tinasolola njinga mu mchenga, kuiimika pa sitandi, kumuthandiza kukwera. Pa sitandi bondo silinkavuta, palibe potsetsereka. Ananola mipeni yonse mmodzimmodzi mwa dongosolo la abambo, yaikulu poyamba, wosendera pomaliza, uliwonse kuuyesa pa ubweya wa pamkono wa wabutchala, chifukwa wa mng'ono wangayo unatha kalekale. Wabutchala ankatembenuza mkono kufunafuna potsala, akumwetulira ngati mkwati. Wogulitsa mchenga anatsitsa nyuzipepala n'kubwera ndi fosholo kuti nayo ilaweko. Atamaliza, mng'ono wanga sanaimitse mwala ndi mawondo monga ankachitira abambo. Analeka miyendo iyende nawo mpaka unatopa wokha.

"Mwauona, achimwene?"

"Ndauona."

"Mwauona bwinobwino?"

"Bwinobwino."

"Tiyeni kwa Injiniya."

Injiniya ndi wokonza njinga wa kuseri kwa msika. Shedi yake ndi malata ochepa ndi mtengo wokolekapo machubu, ndipo ili pokwera, kotero tinafika bwino. Pa benchi pake panali anthu amene sasowa pamalo otere, opanda njinga koma odziwa zonse za njinga. Atamva chimene tadzera anagawikana pomwepo. Wina anati buleki ya kutsogolo yokha imaponya munthu pamwamba pa mahandulo, anaona ndi maso ake, mano anatoleredwa m'chipewa. Wina anati ya kutsogolo ndiyo imaimitsa, ya kumbuyo n'njokongoletsa chabe. Wachitatu anati malemu anakwera moyo wawo wonse opanda buleki koma anafera pabedi.

"Inu munafera pa benchi langa kalekale," anatero Injiniya. "Tasunthani."

Anagwada n'kusuzumira pansi pa chitsulo cha mwala, akuunikira ndi foni.

"Bowo lilipo, a Chinola, ladzaza dzimbiri koma lilipo. Ndiikenso filiwilo yatsopano? Muzipumako potsetsereka ngati anzanu."

"Kumbuyo usakhudzeko. Buleki imodzi basi."

"Amayi a kunyumba kwanu anasankha kale. Ili m'bokosi umo kuyambira chaka chatha. Amabwera kudzaipukuta fumbi."

Injiniya anapita kukabwereka makina odulira zitsulo kwa mnzake wa pafupi. Ndinayandikira mng'ono wanga, ndinatsitsa mawu kuti a pa benchi asamve, ngakhale onse anali atapendeka kale.

"Ine sindinakumasule."

"Sindinakupempheni."

"Abambo akanakhalapo..."

"Akanakhalapo, akanakhalapo ndi mawondo awo. Gwirani mwalawu, achimwene, ungagwe n'kusweka. Ndi wolemera kuposa mmene umaonekera."

Ndinavula jekete, ndinaugwira ndi manja awiri. Makina analira, moto unathethekera pa nsapato zanga, a pa benchi anabweza miyendo. Mwala unatsika pa njinga dzuwa lili pamutu, mng'ono wanga ali moyo, atakhala pa kireti akusenda nthochi.